Pulofesa Eugene Fama, Mphunzitsi Amene Adakana Kulosera za Mawa

Pa 14 Okutobala 2013, pamene akuluakulu a bungwe la sayansi la ku Sweden adatchula mayina a amuna atatu oti alandire mphoto ya Nobel ya maphunziro a zachuma chaka chimenecho, anthu odziwa za misika ya ndalama adayang'anana, ena nkumaseka chamumtima, pakuti pakati pa atatuwo padali awiri amene kwa zaka zoposa 30 adakhala akukokanakokana pa funso limodzi popanda wogonjera mnzake. Woyamba adali Pulofesa Eugene Fama wa pa yunivesite ya Chicago, amene chiphunzitso chake n'chakuti mtengo wa masheya pamsika umakhala utameza kale nkhani zonse zodziwika, kotero kuti palibe mlauli angakuuzeni kumene udzalowere mawa. Wachiwiri adali Pulofesa Robert Shiller wa ku Yale, amene amati misika imaledzera, nikwera ndi kugwa monga ikweramo ndi kugwa mitima ya anthu. Ndipo wachitatu, Pulofesa Lars Peter Hansen, nayenso wa ku Chicago, adali mmisiri wa masamu oyesera mfundo zonga zimenezo. Akale adati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma mu Disembala chaka chomwecho mfumu ya ku Sweden idawaninkha mphotoyo pabwalo limodzi mumzinda wa Stockholm, popanda mmodzi wa iwo wobweza liwu pa zimene adakhala akuphunzitsa.

Nkhani yathu ndi ya woyambayo, ndipo tiitsata mosathamanga, pakuti moyo wa bamboyu ulibe zochititsa nthumanzi zimene ife olemba nkhani timakonda. Sadakhalepo nduna, sadalamulirepo banki yaikulu ya dziko, ndiponso sadayendeyende m'mayunivesite kufunafuna mpando wonona. Adalowa pa Chicago m'chaka cha 1960 ali wophunzira, nayamba kuphunzitsa pomwepo mu 1963, ndipo imvi zidawapeza ali pomwepo. Komatu zimene adalemba ali m'kaofesi kawo zasintha kasungidwe ka ndalama za penshoni za anthu miyandamiyanda, ochuluka mwa iwo osalimvapo n'komwe dzina lakuti Fama.

Adabadwa pa 14 Febuluwale 1939 mumzinda wa Boston, m'banja la anthu amene makolo awo adachokera ku Italy kudzasaka moyo ku America. Bambo awo adali dalaivala wa malole. Ali pa sukulu ya sekondale ya Akatolika ya Malden, mnyamatayo adadziwika kwambiri ndi masewero kuposa mabuku, ndipo polowa pa yunivesite ya Tufts mu 1956, mtima wake wonse udali pa kudzakhala mphunzitsi wa sekondale ndi wophunzitsa ana masewero. Maphunziro amene adasankha adali a zinenero, makamaka Chifalansa. Adakwatira asadamalize sukulu. Koma zaka zitapitapo, zolemba za akatswiri akale a ku France zitayamba kumutopetsa, adalowa m'kalasi la zachuma mongoyesa, ndipo m'menemo ndimo adakumana ndi mphunzitsi wina, a Harry Ernst, amene pambali pa uphunzitsi ankagulitsa kwa anthu ulosi wa mmene msika wa masheya udzayendere.

A Ernst adamulemba mnyamatayo ganyu, ndipo ntchito yake idali iyi: atenge mitengo ya masheya ya zaka zam'mbuyo, aipende usana ndi usiku, kufikira atapeza lamulo lakuti mtengo ukayenda mwakutimwakuti, gula, ndipo ukatembenuka mwakuti, gulitsa. Malamulo otere sadali ovuta kuwapeza, ndipo papepala ankabala phindu losiririka. Koma a Ernst, pokhala munthu wodziwa masamu, ankapatula chigawo china cha mitengoyo nkuchisunga pambali osamuonetsa mnyamatayo, ndipo lamulo likapezeka ankati tiye tsopano tiliyese pa izi zimene sudazione. Nthawi ndi nthawi lamulo lija, limene lidaoneka ngati kiyi wa nkhokwe ya chuma, linkangofota likafika pa mitengo yachilendoyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamata wina akadagwa ulesi, kapena akadaphunzira kubisa zotsatira zoipa ndi kuonetsa zokoma zokhazokha, monga achitira ambiri kufikira lero lino. Uyu adatola funso limene lidadzamudyera moyo wake wonse, lakuti kodi n'chifukwa chiyani zam'mbuyo zikukana kuulula zam'tsogolo.

Kalowedwe kawo pa Chicago amakasimba okha moseka. Atatumiza makalata ofunsira malo m'masukulu angapo, ena adayankha koma a ku Chicago adangoti zii. Mbewa yamanyazi idafera kuuna, choncho adaimba telefoni, ndipo amene adayankha adali mkulu woyang'anira ophunzira mwini wake, a Jeff Metcalf, amene adati kalata yotero sadaione. Koma atacheza naye mnyamatayo ndi kumva mmene adakhozera mayeso, adamuuza kuti pali thandizo la ndalama losungidwira wophunzira wochokera ku Tufts, namufunsa ngati angalifune.

Adafika pa nthawi yake. Kufikira masiku amenewo, maphunziro a za masheya adali ngati nthano za akuluakulu a ntchitoyo, yense kunena zimene adaona ndi zimene amakhulupirira, popanda njira yoyesera kuti woona ndani. Koma m'chaka chomwecho cha 1960, aphunzitsi awiri a pasukulupo, a James Lorie ndi a Lawrence Fisher, atalandira thandizo la ndalama kuchokera ku kampani ya Merrill Lynch, adayamba ntchito yotopetsa yosonkhanitsa mitengo ya masheya onse a pamsika wa New York kuyambira 1926, ndi kuilowetsa m'makompyuta a nthawi imeneyo, amene adali aakulu kudzaza chipinda. Pamenepo padalinso aphunzitsi akuthwa, a Merton Miller, amene adadzalandira Nobel mu 1990, a Harry Roberts ndi a Lester Telser. Ndipo katswiri wa masamu a Benoit Mandelbrot ankabwera kudzacheza. Nthawi yolemba kafukufuku wa digiri ya udokotala itakwana, wophunzirayo adapita kwa a Miller ndi mitu isanu, ndipo iwo adaponda inayi mwaulemu, naloza wachisanu, umene udali wa mayendedwe a mitengo ya masheya tsiku ndi tsiku.

Kafukufukuyo, amene adawapatsa digiri mu 1964 ndi kusindikizidwa mu Januwale 1965 m'magazini ya Journal of Business, adapenda mitengo ya tsiku ndi tsiku ya makampani akuluakulu 30 a mumndandanda wa Dow Jones. Mudatuluka zinthu ziwiri, ndipo anthu amakumbukira choyamba nkuiwala chachiwiri. Choyamba n'chakuti kukwera kapena kutsika kwa mtengo lero sikunena kanthu kogwirika za kukwera kapena kutsika kwa mawa. Ena adaziona kale zimenezi, monga Louis Bachelier ku Paris mu 1900 ndi Maurice Kendall ku London mu 1953, koma ambiri ankaziyesa chizindikiro chakuti msika ndi wopanda mutu. A Fama, pamodzi ndi a Paul Samuelson amene adalemba za nkhani yomweyo mu 1965, adaitembenuza mfundoyo. Tiyerekeze kuti kampani yokumba mafuta yapeza chitsime chatsopano, ndipo nkhani yamveka m'mawa uno. Anthu zikwizikwi amene ntchito yawo n'kutchera khutu sadzadikira sabata yamawa. Adzathamangira kugula nthawi yomweyo, ndipo mtengo udzakwera dzuwa lisadafike paliwombo, kotero kuti wowerenga nyuzipepala madzulo adzapeza phindu lonse litalowa kale mumtengo. Chimene chingausunthenso mtengowo mawa ndi nkhani ya mawa, ndipo nkhani ya mawa, ikadakhala yodziwika lero, sikadakhala ya mawa. Chotero kusaloseredwa kwa mitengo ndi umboni wakuti anthu ochenjera akupikisana kolimba. Chachiwiri chimene adapeza, motsatira a Mandelbrot, n'chakuti masiku a kugwa koopsa ndi kukwera koopsa amadza kawirikawiri kuposa mmene masamu ozolowereka ankayembekezera. Ndipo ndi bwino kuchisunga chimenechi, chifukwa amene amati a Fama adaphunzitsa kuti msika sungagwe amawanamizira.

Mu 1969, pamodzi ndi a Fisher ndi ophunzira awiri, Michael Jensen ndi Richard Roll, adatulutsa kafukufuku amene njira yake yatsatidwa ndi anthu osawerengeka, ngakhale m'makhoti poweruza milandu ya chinyengo cha masheya. Nthawi zina kampani imagawa sheya imodzi kukhala ziwiri kapena zitatu, chinthu chimene pachokha sichionjezera chuma cha munthu, koma chimene ambiri ankakhulupirira kuti chimakweza mtengo pambuyo pake. Anayiwa adatenga kugawa kotere kokwana 940 kwa pakati pa 1927 ndi 1959, nakundanda konse ngati kuti kudachitika mwezi umodzi, kuti aone zimene zimachitika miyezi ya m'mbuyo ndi ya m'tsogolo mwake. Adapeza kuti mitengo imakwera kugawako kusadachitike, popeza makampani ogawa masheya amakhala amene zinthu zikuwayendera kale, koma kugawako kukangochitika, wogula pamenepo sapezanso phindu lapadera. Chaka chotsatira, mu 1970, a Fama adasonkhanitsa umboni wonse m'nkhani imodzi ya mu Journal of Finance, imene idakhazikitsa chiphunzitso chotchedwa efficient market hypothesis, nasiyanitsamo mafunso atatu: ngati munthu angapindule pongoyang'ana mitengo yakale, ngati angapindule ndi nkhani zimene zalengezedwa kwa onse, ndi ngati angapindule ndi zinsinsi za m'kati mwa kampani. Pa lachitatuli sadakane kuti wodziwa chinsinsi amadya. N'chifukwa chake malamulo a mayiko ambiri amaletsa malonda otere.

M'nkhani yomweyo adaikamo chenjezo limene, m'kuona kwanga, ndilo nzeru yawo yoposa zonse, ngakhale kuti ndilo limene adani awo amaliyesa pothawira. Kuti munthu anene kuti mtengo wa sheya ndi wolakwika, ayenera kuyamba wadziwa phindu limene sheya yoteroyo iyenera kubala malinga ndi kuopsa kwake. Ndipo chiwerengero chimenecho sichigwa kumwamba, chimachokera m'chiphunzitso china chimene nachonso chingathe kulakwa. Mlimi amene wanyamula thumba la soya kunka nalo kwa venda, sikelo nkuonetsa makilogalamu 46 pamene iye ankayembekezera 50, sangadziwe pongoyang'ana muvi wa sikeloyo ngati thumba lake lili loperewera kapena sikelo ndiyo yonama. Afunika mwala woyesera wodziwika kulemera kwake, ndipo pa nkhani ya masheya mwala wotero kulibe. Chotero yense woyesa msika amayesa zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, msika ndi sikelo yake, ndipo zikasemphana sangathe kuloza ndi mtima wonse kuti cholakwa ndi chiti. Mikangano yonse ya zaka 50 zotsatira idazungulira pamenepa.

Zipatso za chiphunzitsochi sizidachedwe kuoneka kunja kwa kalasi. Jensen, wophunzira wawo uja, adapenda mu 1968 mabungwe 115 osonkhanitsa ndalama za anthu ndi kuwagulira masheya, pa zaka za 1945 mpaka 1964, napeza kuti akatswiri olipidwa ndalama zambiri kuti asankhe masheya abwino, powaphatikiza onse, sankaposa munthu amene akadangogula pang'onopang'ono m'makampani onse nkukhala pansi. Ngati zili tero, adafunsa ena, tilipiriranji oombeza? Banki ya Wells Fargo idayesa thumba loyamba lotsata msika wonse mu 1971, ndipo mu 1976 a John Bogle a kampani ya Vanguard adatsegulira anthu wamba thumba lotero. Adayembekezera kusonkhanitsa madola 150 miliyoni koma adapeza 11 miliyoni okha, ndipo anzawo a ku Wall Street adawaseka nati ndi uchitsiru. Lero matumba otere akusunga madola mathililiyoni ambiri, ndipo ndalama imene wosunga amadulidwa pachaka idatsika kwambiri. Wophunzira wina wa a Fama, David Booth, adayambitsa kampani ya Dimensional Fund Advisors mu 1981 pamodzi ndi Rex Sinquefield, naitana mphunzitsi wake kukhala m'gulu la oyang'anira. Mu 2008 Booth adapereka mphatso ya madola 300 miliyoni ku sukulu imene idamuphunzitsa, ndipo kuyambira pamenepo sukuluyo imatchedwa Booth School of Business. Wowerenga wochenjera aona yekha kuti pulofesayu sadali wongoonerera pa malonda a nzeru zake, ndipo n'koyenera kuti tizinene zimenezi poyera.

Otsutsa adadzuka. Mu 1981 a Shiller adafunsa funso losavuta kumva koma lovuta kuyankha: ngati mtengo wa sheya uli chiyembekezo cha phindu limene kampani idzagawire eni ake m'tsogolo, nanga bwanji mitengo imalumphalumpha chotere pamene phindu logawidwalo, kuliyang'ana kuyambira 1871, limayenda modekha? Ndipo pa 19 Okutobala 1987 msika wa New York udagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi, popanda nkhondo, popanda chivomezi, popanda nkhani ina yaikulu yoti nkuiloza. Yankho la a Fama lidali lakuti phindu limene anthu amafuna kuti alole kuika ndalama zawo pachiswe silikhala pamodzimodzi: m'nthawi ya mavuto, ntchito zikamatha ndi mantha akachuluka, munthu salola kugwira sheya pokhapokha itatsika mtengo ndithu, ndipo m'nthawi ya zokoma amalola phindu lochepa. Chodabwitsa n'chakuti pa ziwerengero zenizenizo awiriwa adafika pogwirizana, pakuti a Fama omwe, m'zolemba zawo za 1988 ndi 1989, adaonetsa kuti mitengo ikakhala yotsika poyerekeza ndi phindu logawidwa, zaka zingapo zotsatira zimakonda kubala bwino. Adasiyana pa kumasulira kokha, wina nati ndi mphotho ya kulimba mtima pa nthawi yoopsa, wina nati ndi kuledzera kwa khamu kumene kukutha.

Zolemba zimenezo adalemba ndi a Kenneth French, amene tsopano ali pa koleji ya Dartmouth, ndipo ubwenzi wa awiriwa ndi umene udabala ntchito yawo yotchuka ya zaka za ukulu. Sikelo imene aliyense ankagwiritsa ntchito masiku amenewo idali ya a William Sharpe ya mu 1964, yonena kuti kuopsa kwa sheya kumayesedwa ndi chiwerengero chimodzi, beta, chosonyeza mmene sheyayo imagwedezekera msika wonse ukagwedezeka, ndi kuti beta ikakula phindu liyenera kukulanso. A Fama eni ake, pamodzi ndi James MacBeth, adaichitira umboni sikeloyi mu 1973. Koma mu 1992, atapendanso masheya a ku America a zaka za 1963 mpaka 1990, iwo ndi a French adalengeza kuti beta payokha sifotokoza kanthu kwenikweni. Zimene zidaoneka kuti zikulekanitsa masheya obala kwambiri ndi obala pang'ono zidali kukula kwa kampani, popeza makampani aang'ono ankabala koposa, ndiponso kutchipa kwake, popeza makampani amene mtengo wawo pamsika udali wotsika poyerekeza ndi chuma cholembedwa m'mabuku awo ankaposa makampani otamandidwa ndi okwera mtengo. Munthu wa zaka 53, wolemekezeka kale, adagumula ndi manja ake khoma limene iye mwini adathandiza kumanga, chifukwa ziwerengero zidatero. Mu 1993 adaika m'malo mwake sikelo ya miyeso itatu, imene ophunzira a zachuma padziko lonse amailoweza kufikira lero.

Apanso kumasulira kudagawa anthu. A Fama adati makampani otchipawo amakhala odwaladwala, oyamba kufa chuma chikavuta, ndipo phindu lawo lalikulu ndi malipiro a kuopsako. A Josef Lakonishok, a Andrei Shleifer ndi a Robert Vishny adayankha mu 1994 kuti ayi, anthu amangotengeka ndi makampani a mbiri yokoma nanyoza onyozeka mopitirira muyeso. Ndipo padatulukanso china chimene sikelo ya miyeso itatu idalephera kuchimeza: mu 1993 a Narasimhan Jegadeesh ndi a Sheridan Titman adaonetsa kuti masheya amene akwera m'miyezi ingapo yapitayi amakonda kupitiriza kukwera kwa miyezi ina, ndipo otsika kupitiriza kutsika, chinthu chofanana ndithu ndi malamulo aja amene ankafota m'manja mwa a Ernst, koma ichi chokha chidakana kufota. A Fama adavomera poyera kuti chimenechi ndicho chimachititsa chiphunzitso chawo manyazi koposa zonse. Wophunzira wawo Cliff Asness, amene pambuyo pake adayambitsa kampani ya AQR, amasimba kuti adapita kwa iwo mwamantha kukanena kuti akufuna kulemba kafukufuku wake pa nkhani yomweyi, yotsutsa mphunzitsi wake, ndipo iwo adangomuuza kuti ngati zili m'ziwerengero, alembe. Aphunzitsi a mtima wotere ndi osowa, kuno ndi kwina komwe. Pa Chicago pomwepo palinso a Richard Thaler, mtsogoleri wa gulu lowatsutsa, amene adalandira Nobel mu 2017, ndipo awiriwa amasewera gofu limodzi.

Pali malo amodzi pamene ndiona kuti mkuluyu adaumitsa khosi kuposa muyeso. Mitengo ya nyumba ku America itakwera zaka zingapo nkugwa, banki ya Lehman Brothers nkufa pa 15 Seputembala 2008, anthu mamiliyoni nkutaya ntchito ndi nyumba zawo, dziko lonse lidati lidali thovu limene laphulika. A Fama, pocheza ndi mtolankhani John Cassidy wa magazini ya The New Yorker mu 2010, adakana ngakhale mawu akuti thovu, nati sadziwa chimene amatanthauza. Mfundo yawo ili ndi mano: thovu likhale chinthu chimene munthu angachizindikire chisadaphulike, mobwerezabwereza, ndi njira yoti ena nkuiyesa, apo ayi ndi nzeru za pambuyo pa maliro. Buku la a Shiller lakuti Irrational Exuberance lidatuluka mu Malichi 2000, mwezi womwewo umene masheya a makampani a intaneti adafika pachimake nayamba kugwa, ndipo anthu adawatcha mneneri. Koma a Fama amakumbutsa kuti a Shiller adachenjeza kale mu Disembala 1996, ndipo amene adawamvera nthawi imeneyo adakhala panja zaka zitatu msika ukukwerabe. Zonsezi n'zoona. Komabe kulephera kudziwa tsiku limene chinthu chidzagwe sikutanthauza kuti chinthucho chidaima bwino, ndipo ngongole za nyumba zimene zinkaperekedwa kwa anthu osafunsidwa n'komwe za malipiro awo sizidafunikire masamu akuya kuti munthu azikayikire. Chimene tingawayamikire n'chakuti sadaikire kumbuyo mabanki: adanena kuti banki yodziwa kuti boma lidzaipulumutsa imasewera ndi ndalama za anthu, ndipo adafuna kuti eni mabanki azikakamizidwa kuikamo mpamba wawowawo wochuluka kwambiri, kuti zikavuta ayambe kupsa ndi iwo.

M'chaka chomwecho cha 2010 iwo ndi a French adabwerera ku funso la Jensen, lakuti mwa akatswiri osankha masheya, aluso ndi angati ndipo amphumi ndi angati. Vuto lake ndi lakuti anthu 1,024 ataponya khobidi kakhumi aliyense, tiyembekezera kuti mmodzi adzapeza mbali imene adasankha maulendo onse khumi, ndipo ameneyo adzaitanidwa pa wailesi kudzafotokoza luso lake. Atapenda matumba a ku America a zaka za 1984 mpaka 2006, adapeza kuti, ndalama zolipira akatswiriwo zikachotsedwa, ndi ochepa zedi amene adaonetsa luso lokwana kubweza zimene adadula. Dzina limene anthu amatchula potsutsa ndi la a Warren Buffett, amene adaposa msika kwa zaka zambiri ndipo adanyoza chiphunzitso cha ku Chicago poyera mu 1984. Komatu a Buffett omwewo ndiwo adabetcha madola 1 miliyoni kuti pa zaka khumi, kuyambira 2008 mpaka 2017, thumba wamba lotsata makampani 500 a mumndandanda wa S&P lidzaposa matumba asanu osankhidwa ndi akatswiri; lidabala pafupifupi 126 peresenti, ndipo mwa asanuwo padalibe ndi limodzi lomwe lolifikira.

Kwathu kuno nkhaniyi itikhudza pang'ono, ndipo tisaikokere kumene siifika. Msika wa masheya wa ku Blantyre udalandira kampani yake yoyamba, NICO, mu 1996, ndipo kuchokera pamene lamulo la penshoni la 2011 lidakakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo, gawo lina la ndalama za kalaliki ndi dalaivala wa pakampani limakathera m'masheya, mwini wake adziwe kapena asadziwe. Koma chiphunzitso cha a Fama chidabadwira pamsika wa makampani zikwi ndi ogula osawerengeka opikisana mphindi iliyonse. Pamsika wa makampani osakwana 20, pamene sheya ina itha kugona masiku osagulidwa, ndipo ogula aakulu ndi mabungwe owerengeka, palibe chifukwa choyembekezera kuti nkhani idzalowa mumtengo mwa liwiro lomwelo. Chimene chimawoloka nyanja bwinobwino ndi mafunso awo: wosunga ndalama zanga akundidula zingati pachaka, ndipo phindu limene akudzitama nalo likuposa bwanji limene ndikadapeza pongotsata msika wonse?

Patsala mfundo imene a Sanford Grossman ndi a Joseph Stiglitz adaidzutsa mu 1980, yakuti msika sungameze nkhani zonse kotheratu, pakuti zikadatero palibe akadataya nthawi ndi ndalama kufufuza makampani, ndipo popanda ofufuza mitengo ikadasokera. Mmene matumba otsata msika akukulirakulira, funsoli likumveka kwambiri. A Fama amayankha kuti zitengera amene akuchoka pabwalo: akachoka osadziwa, otsalawo adzaika mitengo yolondola koposa, koma akachoka odziwa, pamenepo padzakhala vuto.

Mphoto ya ku Stockholm siidawakhazike pansi. Mu 2015 iwo ndi a French adaonjezera miyeso iwiri pa itatu ija, wa kuchuluka kwa phindu limene kampani imapanga ndi wa liwiro limene imakulitsira katundu wake, ndipo adalemba mosabisa kuti, iwiriyi ikalowa, muyeso wa kutchipa kwa kampani, umene udawatchukitsa mu 1992, umaoneka wosafunikanso pa ziwerengero za ku America za 1963 mpaka 2013. Mu 2020, a Fama ali ndi zaka 81, adabwereranso ku makampani otchipawo, amene kwa zaka zambiri adakhala akukhumudwitsa amene adaikamo ndalama, ena mwa iwo makasitomala a kampani ija ya David Booth. Adagawa nthawi pawiri, 1963 mpaka 1991 ndi 1991 mpaka 2019, napeza kuti phindu lapadera lija lidachepa kwambiri m'chigawo chachiwiri. Koma adaonjeza kuti mitengo ya mwezi ndi mwezi imalumphalumpha kwambiri kotero kuti zaka 28 sizikwanira kugamula ngati phindulo lidathadi kapena idangokhala nyengo yoipa.